Kudzutsa sowo yakale ya injini: pogula, pokonza ndi pochekera

Sowo yakale ya injini ikangofika m'manja, dzanja limayabwa kukoka chingwe kuti mumve ngati ilira. Musakoke. Masowo ambiri amene anagona zaka khumi kapena makumi awiri m'shedi safa ndi ukalamba, amaphedwa tsiku limene mwini watsopano wathiramo petulo n'kuwaliza asanaone za m'kati. Mphindi ziwiri zokha zaphokoso zikhoza kukanda pistoni imene simudzaipezanso m'sitolo iliyonse. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake: muyambe ndi pistoni, kenako moto wa pa pulagi, kenako njira ya petulo, kenako muone ngati injini sikuyamwa mpweya pena pake, ndipo tcheni chibwere pomaliza. Kuliza kumabwera zonsezi zitatha.

Dziwani kaye chimene mukugula

Kupanga makinawa kuti azigulitsidwa mochuluka kunayambira ku Germany. Andreas Stihl anapanga sowo yamagetsi mu 1926, ndipo Emil Lerp, mwini kampani ya Dolmar, anatulutsa yoyendera petulo mu 1927. Zinali zimphona zonyamula anthu awiri. Tcheni cha mano opindika chimene tikuchidziwa lero chinachokera kwa Joseph Cox wa ku Oregon mu 1947, ataonetsetsa momwe mphutsi yoboola mitengo imatafunira thabwa. Mu 1949 McCulloch ya ku America inatulutsa 3-25, yoti munthu mmodzi n'kunyamula. Mu 1959 kunabwera Stihl Contra ndi Husqvarna 90, kenako Homelite XL-12 yopepuka ija kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Stihl 070 ya 106cc ndi mkulu wake 090 ya 137cc zinatuluka mu 1968.

Zakazi n'zothandiza pogula, chifukwa zimakuuzani zimene mukapeze pansi pa chivindikiro. Sowo yopangidwa isanafike 1970 kawirikawiri imakhala ya mapointi ndi kondensa (tizipangizo toyambitsa moto wa pa pulagi), ilibe buleki ya tcheni, ilibenso mphira zochepetsa kunjenjemera, ndipo ina oyilo wa tcheni mumachita kupopa ndi chala chachikulu. Buleki ya tcheni inayamba kuoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma panatenga nthawi kuti ifike pa sowo iliyonse.

Kuno kwathu simudzakumana kwambiri ndi McCulloch kapena Homelite, pokhapokha muli ku Joni kapena ku Britain kumene zimapezeka m'misika ya katundu wakale. Zimene zimatuluka m'mashedi a m'maesiteti, kumamishoni ndi kwa ocheka matabwa ndi Stihl 070 ndi 038, komanso Husqvarna 61, 268 ndi 272. Ngati ndi sowo yanu yoyamba, tengani imodzi mwa zimenezi. 070 inapitiriza kupangidwa zaka zambiri chifukwa cha misika ya ku Africa, Asia ndi South America, ndipo mafakitale a ku China anaikopera yonse, choncho masipeya ake savuta. Koma chomwecho ndiye chimene chimapusitsa ogula: pali masowo ambiri ooneka ngati 070 amene sanaponde pa fakitale ya Stihl. Funani nambala yodindidwa pa thupi la injini, onani ngati dzina ndi manambala a masipeya zinaumbidwira m'chitsulo momveka bwino, osangodalira sitika. Yokopera ikhoza kucheka ndithu, koma musailipire mtengo wa yeniyeni. Mufunsenso kumene sowoyo yachokera. Masowo amabedwa kwambiri, ndipo nambala yofutidwa ndi tupa ndi chifukwa chokwanira chobwezera ndalama m'thumba.

Kuyesa pamalo pogulira

Pitani ndi sipanala ya pulagi, sikuludiraiva, ma allen key ndi tochi. Yambani ndi kugwira chogwirira cha chingwe cholizira n'kuisiya sowo ilendewere. Injini yamphamvu imatsika pang'onopang'ono, modukizadukiza, kapena kukana kutsika kumene. Ikangotsetsereka mpaka chingwe kutha, kompuleshoni yathawa. Ngati sowoyo ili ndi batani lochepetsa kompuleshoni, monga 070, onetsetsani kuti silinakanikizidwe, apo ayi muiweruza molakwa. Amene ali ndi geji ayeze: kuyambira 120 psi kupita m'mwamba ndi bwino, kutsika pa 100 psi pali ntchito.

Kenako pemphani chilolezo chomasula ekizozi. Ndi mabawuti awiri kapena atatu basi, ndipo apa ndi pamene mtengo weniweni wa sowo umaonekera. Walitsani tochi pabowo, kokani chingwe pang'onopang'ono, muone pistoni ikudutsa. Yabwino imakhala yosalala, timizere ta kufakitale topingasa tikuonekabe, maring'i akusuntha mukawakankha ndi kamtengo. Yopsa imakhala ndi mikwingwirima yotsika kuchokera pamwamba, ndipo aluminiyamu amakhala atapakika pa maring'i mpaka kuwamata. Wogulitsa akakana kuti mumasule ekizozi, mpatseni mtengo wa sowo yakufa.

Tembenuzani sowo muone kunsi. Matupi a masowo akale ambiri ndi a magnesium, chitsulo chopepuka koma chimene chimadyeka chikakhala pachinyezi. Mukaona ufa woyera ndi timaenje, kandani ndi sikuludiraiva muone kuya kwake. Timaenje tapamwamba si vuto. Koma ngati tabowola thanki kapena tafika pokhala beringi, isiyeni, kapena igulireni masipeya okha. Mng'alu pa magnesium si wopita nawo kwa wowotcherera mageti. Chitsulochi chimayaka, ndipo chimafuna mmisiri wa zida zake. Gwedezaninso m'mwamba ndi pansi flywheel (gudumu lazipsepse la mbali ya chingwe cholizira) ndi kilatchi (chozunguza tcheni, mbali inayo). Zikamachita gwedegwede, maberingi a crankshaft (shafiti yaikulu imene pistoni imazunguza) atha, ndipo injini iyenera kung'ambidwa pakati.

Kutsuka

Jambulani ndi foni chilichonse musanamasule: mawaya, masipuling'i, momwe tizitsulo ta tchoko takolekera. Tsekani pakamwa pa kabureta ndi bowo la ekizozi ndi nsanza yoyera. Tsukani ndi palafini ndi burashi yakale yotsukira mano, makamaka m'mipata ya silinda mmene utuchi wosakanikirana ndi oyilo umauma n'kutseka mphepo yoziziritsa injini. Mankhwala amphamvu otsukira mauvuni ndi soda yoyabwa ija zimadya aluminiyamu, musayandikize. Mabawuti ikani m'timabotolo tosiyana malinga ndi kumene achokera, chifukwa bawuti yaitali yolowa pabowo lalifupi imaswa thupi la injini. Masowo a ku America ali ndi mabawuti a mainchi, a ku Ulaya ndi a mamilimita. Musakakamize sipanala yosakwana.

Ngati pistoni yagwira osasuntha, thirani dizilo wosakaniza ndi oyilo pabowo la pulagi, muisiye masiku angapo, muzigwedeza flywheel ndi dzanja uku ndi uku. Osamenya ndi hamala. Ikamasuka, vulani silinda muone. Masilinda ambiri ali ndi kansalu kopyapyala ka chitsulo cholimba m'kati, ndipo zimene zimaoneka ngati kukandika nthawi zambiri amakhala aluminiyamu wa pistoni amene wamatirira pamwamba pake. Ameneyo amachoka ndi sandipepa yosalala ndi kuleza mtima. Chikhadabo chikapanda kukodwa mutatha kupala, silinda yoyambirirayo isungeni, mungogula pistoni ndi maring'i. Silinda yakale yeniyeni imaposa yatsopano yotchipa. Poika pistoni, muvi wodindidwa pamwamba pake uloze ku ekizozi, ndipo timawaya totsekera pini ya pistoni muike tatsopano nthawi zonse.

Moto

Ikani pulagi yatsopano, mpata wake ukhale 0.5mm. Ilumikizeni ku waya wake, igunditseni pa chitsulo cha silinda kutali ndi bowo la pulagi, kokani chingwe muli pamthunzi. Mukufuna moto wabuluu wochita thethe. Ukasowa, musathamangire kunena kuti koyilo yapsa. Chotsani kaye waya wopita ku switchi yozimitsira, muyesenso. Nthawi zambiri wayayo amakhala atasupuka n'kumagunda thupi la injini.

Ukasowabe, ndipo sowo ndi ya mapointi, muyenera kuvula flywheel, chifukwa mapointi amabisala kuseri kwake. Kuti injini isazungulire pomasula nati, kwezani pistoni ipitirire bowo la ekizozi, kenako lowetsani chingwe choyera cha nayiloni pabowo la pulagi, nsonga ina itsale kunja. Mukalowetsa pistoni ili pansi, chingwe chimalowa m'bowo la ekizozi n'kudulidwa. Flywheel imavulidwa ndi chida chake choikokera, chotchedwa pula. Kumenya nsonga ya crankshaft ndi hamala kumaphwanya mazinga, ndipo kupana zipsepse za flywheel ndi sikuludiraiva kumazithyola. Samalani kakiyi kakang'ono kokhala pa shafiti, ndi kamene kamasunga nthawi ya moto.

Mapointi ogona nthawi yaitali amachita kansalu kotuwa kamene kamatseka magetsi. Pindani sandipepa yosalala kwambiri, idutseni pakati pawo kangapo, kenako dutsanipo pepala loyera mpaka lituluke lopanda litsiro. Kamchenga kamodzi kotsalira n'kokwanira kuzimitsa moto. Zungulizani shafiti mpaka mapointi atseguke kotheratu, muike mpata wa pakati pa 0.35mm ndi 0.4mm. Ngati mapointi ali ndi chiphuphu mbali ina ndi dzenje mbali inayo, kondensa yatopa. Pali kachipangizo kakang'ono kamagetsi kolowa m'malo mwa mapointi ndi kondensa. Pa sowo yoti izicheka tsiku ndi tsiku, ine ndimakavomereza ndi mtima wonse. Koma zoyambirirazo musataye, mangani m'kapepala ka pulasitiki muzisunge pamodzi ndi sowo. Ngati koyilo ili kunja kwa flywheel, mpata wake ndi maginito ukhale 0.2mm mpaka 0.3mm, kakhadi kopyapyala kapepala kolowetsa pakati pomanga mabawuti kamakwanira.

Petulo ndi kabureta

Apa musaumire ndalama. Chilichonse champhira chimene petulo amadutsamo chichoke: paipi ya m'thanki, sefa ya kunsonga kwake, gasiketi ya chitsekerero, ndi kapaipi kochokera m'mimba mwa injini kopopetsa kabureta ngati sowo yanu ili nako. Mphira yakale ikhoza kuoneka yabwino, koma mukaipinda mumaona timing'alu. Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene anayamba kutcheza ethanolyo ku Dwangwa, ndipo ku Zimbabwe nakonso amasakaniza. Ethanol amaumitsa mphira zakale ndiponso amakoka chinyezi. Thanki itsukeni ndi petulo woyera ndi timanati tingapo, mugwedeze, mukhuthule, mubwereze mpaka zotuluka ziyere. Onaninso kabowo kopumira thanki. Kakatsekeka sowo imalira bwino mphindi zochepa n'kuzima yokha.

Kabureta idzakhala Tillotson, Walbro kapena Zama, ndipo nambala yake inadindidwa pambali. Nambala imeneyo ndiyo yogulira kiti ya masipeya ake, osati dzina la sowo, chifukwa sowo imodzi inkatuluka ndi makabureta osiyanasiyana. Musanamasule masikuluwu awiri olembedwa H ndi L (H ndi wa petulo wa pa liwiro lalikulu, L wa pa liwiro lochepa), amangeni mofatsa mpaka agunde, mukuwerenga kuti azungulira kangati, mulembe. Mofatsa ndithu: nsonga zake ndi zosongoka, ndipo kukanikiza kumakulitsa bowo mpaka kalekale.

Gwirirani ntchito pa thireyi yoyala nsalu yoyera. Mukatsegula mudzapeza timphira topyapyala tiwiri, kena kopopa petulo, kena koyeza kuchuluka kwake. Katsopano ndi kofewa, kakale kamauma gwa ngati tsamba la fodya la m'chigafa, ndipo kotero sikangathe kukankha kampini kotsegula singano. Ichi ndiye chifukwa chachikulu chimene sowo yogona imakanira kulira. Pansi pa kampiniko pali kasipuling'i kakang'ono kwambiri. Phimbani ndi chala pomasula, kakadumpha simukapezanso. Pali kasefa kawaya kobisala m'dzenje mbali yopopa, kamene kamadzaza ndi zinyalala zofiirira. Katulutseni ndi singano, mukatsuke kapena muike katsopano. Timabowo tonse pemereranimo mankhwala otsukira kabureta mpaka atulukire mbali ina. Waya musalowetsemo.

Pobwezera, dongosolo lake m'makabureta ambiri ndi ili: mbali yopopa, kamphira kamagona pa thupi la kabureta ndipo gasiketi imabwera pamwamba, mbali yoyeza, gasiketi ndiyo imayamba, kamphira pamwamba. Tillotson HL ya masowo akuluakulu ili ndi magawo osanjikizana, ndiye zithunzi zija zikuthandizani apa. Mukasemphanitsa, sowo imamwa petulo mpaka kunyowetsa pulagi, kapena osamwa n'komwe. H ndi L abwezereni pomwe munawapeza, koma ngati zikuoneka kuti wina anaseweretsa, yambirani pa kuzungulira kumodzi kuchokera pogunda.

Mpweya wolowera pakhomo lolakwika

Gawo ili ndi limene ambiri amalumpha, ndipo ndi limene limapha masowo okonzedwa kumene. Injini ya two-stroke imadutsitsa petulo ndi oyilo m'mimba mwake zisanakwere ku silinda, choncho mimbayo iyenera kukhala yotsekeka ndithu. Kumapeto onse awiri a crankshaft kuli masilo amphira. Akauma ndi zaka, injini imayamwa mpweya wosadutsa mu kabureta, petulo amachepa, oyilo amachepa naye, kutentha kumakwera, pistoni imasungunuka mbali ya ekizozi. Choopsa n'chakuti sowo yotere imamveka yamphamvu. Imakuwa mokweza, mwiniwake n'kumasangalala, kufikira itazima pakati pa chipika osazunguliranso. Ngati munapeza pistoni yopsa pogula, dziwani kuti chinaipsereza chikadalipo, ndipo pistoni yatsopano idzapsanso mukapanda kuchipeza.

Kuyesa kwake sikovuta. Dulani zidutswa ziwiri za chubu cha njinga, china mutseke nacho pakati pa ekizozi ndi silinda, china pakati pa kabureta ndi injini, mumange mabawuti. Popani mpweya kudzera pa kapaipi kopopetsa kabureta kapena pa pulagi yakale yoboola, pogwiritsa ntchito kapampu kamanja kokhala ndi geji. Fikani pa 0.5 bar basi, osapitirira. Kompuresa ya matayala ikhoza kutulutsa masilo abwinobwino. Muvi uime osatsika kwa theka la mphindi. Ukamatsika, pakani madzi a sopo pa masilo, pansi pa silinda, pamsoko wa pakati pa injini ndi pakhosi pa kabureta, muone potuluka thovu. Ngati pampu yanu imathanso kukoka mpweya, yesani mbali imeneyonso uku mukuzunguliza shafiti, chifukwa silo ina imagwira pokankha koma imalephera pokoka.

Mukasowa geji, maganizo anga ndi akuti sowo yopitirira zaka makumi atatu mungoisinthira masilo onse awiri osafunsa. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pistoni ndi silinda. Kuti mufike pa silo ya mbali ya tcheni muyenera kuvula kilatchi, ndipo m'masowo ambiri mazinga ake ndi amanzere: imamasuka mukazunguliza mbali imene bawuti wamba amamangira. Anthu ambiri athyola zinthu apa poganiza kuti yangolimba. Potulutsa silo yakale musakande shafiti, ndipo yatsopano ipakeni girizi pamlomo musanailowetse.

Tcheni ndi bar

Tcheni, bar (chitsulo chachitali chimene tcheni chimazungulirapo) ndi sipuroketi (kagudumu kamano kokoka tcheni) ziyenera kukhala za muyezo umodzi. Masowo akuluakulu ngati 070 amayendera tcheni cha .404, apakati 3/8, ang'onoang'ono .325; manambalawa ndi kutalikana kwa mfundo za tcheni m'mainchi. Makedzana ena ankayendera tcheni cha theka la inchi chimene lero n'chosowa, ndipo njira yake ndi kusintha sipuroketi ngati ilipo yokwana. Ngalande ya bar nayo ili ndi miyezo: 1.3mm, 1.5mm kapena 1.6mm. Manambalawa amadindidwa kumchira kwa bar. Tcheni chakale chadzimbiri, cholimba m'mfundo kapena chong'aluka pa mariveti, chipachikeni pakhoma. Chikaduka chikuthamanga chimabwerera kwa wocheka.

Kokolani utuchi m'ngalande, tsegulani kabowo ka oyilo, palani ndi tupa yafulati milomo imene yatuluka m'mbali mwa bar. Sipuroketi yokumbika kuposa theka la milimita isintheni, apo ayi idya tcheni chatsopano. Pomanga, mano apamwamba aloze kutsogolo. Kwezani nsonga ya bar ndi dzanja, kungani mpaka tcheni chigunde kunsi kwa bar koma chizikokeka ndi dzanja lovala gulovu, kenako mangani manati nsonga ikadali m'mwamba.

Ponola, .404 imafuna tupa yozungulira ya 5.5mm, 3/8 ya 5.2mm kapena 5.5mm malinga ndi wopanga, .325 ya 4.8mm. Podula mopingasa, dzino linoledwe pa madigiri 30. Pocheka matabwa motsata mtengo, madigiri 10 amatulutsa thabwa losalala. Kankhani tupa kuchokera m'kati kupita kunja, mano onse atalike mofanana, apo ayi sowo imacheka mokhota. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo koletsa kuluma kwambiri. Kazikhala kotsika ndi 0.65mm pa 3/8, ndi 0.8mm pa .404. Ocheka ena amakapala kwambiri kuti sowo izidya msanga. Pa sowo yopanda buleki, kumeneko ndi kudziitanira ngozi. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalapala tamakona. Chikayamba kutulutsa ufa, imani munole.

Oyilo wakuda wochotsa m'galimoto musathire m'thanki ya tcheni, ngakhale ambiri amatero. Ali ndi tizitsulo timene timadya pampu ya oyilo, ndipo pampu ya sowo yakale ndi imodzi mwa masipeya ovuta kupeza. Mukasowa oyilo wa tcheni, oyilo wa injini watsopano wa SAE 30 ndi wabwinoko.

Kuliza koyamba

Posakaniza petulo ndi oyilo, mabuku akale amanena 16:1 (magawo 16 a petulo pa gawo limodzi la oyilo) kapena 25:1 chifukwa oyilo wa nthawi imeneyo anali wofooka. Ndi oyilo wabwino wa two-stroke wa injini zozizira ndi mphepo, 40:1 imakwanira masowo ambiri akale, ndiye kuti 25ml pa lita imodzi. Ngati oyilo wake ndi wosadziwika bwino, bwererani pa 25:1, 40ml pa lita. Yezani ndi jakisoni kapena kapu yolembedwa manambala, osati ndi maso, ndipo sakanizirani m'chigubu, osati m'thanki. Oyilo wa injini za maboti si wake, ndi wa injini zozizira ndi madzi. Petulo wosakaniza asapitirire mwezi.

Donthezerani oyilo pang'ono pabowo la pulagi, kokani chingwe kangapo kuti afalikire. Bar, tcheni ndi chivindikiro zikhale zomanga. Kilatchi yoliza poyera ikhoza kumasuka n'kuuluka. Ikani sowo pansi pabwalo, tcheni chisakhudze kanthu, phazi lamanja lipondere chogwirira cha kumbuyo, dzanja lamanzere ligwire cha kutsogolo. Zoliza sowo ili m'malere, kuiponya pansi dzanja lina likukoka chingwe, zisiyeni. Tsekani tchoko, kokani mpaka itsokomole kamodzi, tsegulani tchoko, kokaninso.

Ikalira, isiyeni itenthe mphindi zingapo, sefa ya mpweya ili pamalo pake. Yambani ndi L: ikamazengereza kapena kuzima mukakoka moto (kufinya kachitsulo kowonjezera liwiro), tsegulani pang'ono, ikamalemera ndi utsi wambiri ili phee, tsekani pang'ono. Sinthani ndi kachigawo kakang'ono, mumvetsere, musinthenso. Sikuluwu ya idling muiike poti injini izilira yokha koma tcheni chili chiimire. Tsopano ipendeketseni kumanja, kumanzere, mlomo pansi. Liwiro likasintha kwambiri kapena ikayamba kuthamanga yokha, zimitsani, mpweya ukulowabe pena pake.

H ndiye wosunga moyo wa injini. Mukakoka moto wonse sowo ili kunja kwa mtengo, kwa kamphindi kochepa chabe, iyenera kumveka yokhakhala, ikuchita bulubulu. Mukailowetsa m'chipika, kukhakhalako kuthe, mawu akhale osalala. Imeneyo ndiyo yachunidwa bwino. Ikamalira mosalala ndi mokweza isanakhudze mtengo, petulo wachepa, tsegulani H msanga. Kulakwira kochulutsa kumangodetsa pulagi, kulakwira kochepetsa kumadya pistoni. Mutacheka kwa kanthawi, vulani pulagi muone: yofiirira ndi bwino, yakuda yonyowa petulo wachuluka, yoyera mbee ndi chenjezo. Kumbukiraninso kuti mpweya wa kumapiri ndi wopepuka. Sowo yochunidwa ku Chikangawa kapena pa phiri la Zomba ikatsikira ku Nchalo kapena kunyanja imafuna kutsegulidwa H pang'ono. Ngati mwaika pistoni kapena maring'i atsopano, mathanki angapo oyamba ichekereni mitengo yaing'ono, petulo ali wochulukirapo.

Lozetsani nsonga ya bar pa thabwa loyera injini ikuthamanga. Pazioneka kamzere ka oyilo. Ngati ndi yopopa ndi chala, zolowerani kukanikiza pafupipafupi mukucheka, osadikira kuti bar iyambe kufuka.

Pocheka

Sowo yakale yokonzedwa bwino imacheka mosangalatsa. Siithamanga kwambiri ngati zamakono, koma imakoka tcheni chachitali m'chipika chachikulu osatopa. Ilibe chifundo. Chigawo chapamwamba cha nsonga ya bar chikakhudza nthambi kapena kupanidwa, sowo imadumphira kunkhope mofulumira kuposa momwe dzanja lingachitire kanthu, ndipo ngati ndi yopanda buleki palibe choimitsa tcheni. Choncho muzidziwa nthawi zonse kumene nsonga ili. Chala chachikulu chamanzere chizungulire chogwirira, mkono ukhale wowongoka, thupi likhale kumanzere kwa mzere wa bar. Musacheke pamwamba pa mapewa, pa makwerero kapena muli mumtengo. Kudula nthambi za mtengo wogwa, kumene nsonga imakumana ndi zambiri, kusiyireni sowo yamakono ya buleki. Yakale ipatseni zipika zogona pansi ndi matabwa.

Valani nsapato zolimba, buluku lotetezera miyendo, chisoti, magalasi ndi zotseka m'makutu. Phokoso la makinawa limapitirira madesibelo 100, ndipo makutu akagontha sabwerera. Kunjenjemera kwa sowo yopanda mphira kumapha mitsempha ya m'zala pang'onopang'ono. Zala zikayamba dzanzi kapena kuyera, pumani. Musagwire ntchito nokha kutchire, musathire petulo injini ili yamoto, ndipo lizirani patali ndi pamene mwathirira. Sowo yotere si yobwereketsa kwa munthu amene sanaigwirepo, ngakhale akhale mlamu wanu.

Za mitengo yoti mucheke, pitani kaye ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu mukamve za chilolezo, chifukwa lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limalola boma kulanda zida zogwidwa zikudula mosaloledwa. Koma ngakhale lamulo likanapanda kunena, tonse taona mapiri athu momwe ayerera. Mkungudza wa pa Mulanje watsala pang'ono kutheratu, mbawa ndi mlombwa zikusowa. Bulugama ndi paini wodzala nokha, mitengo yogwa ndi mphepo, mango okalamba a pakhomo, zimenezi n'zokwanira kuti sowo yanu isagone.

Kusunga

Ngati mukutolera masowo, musathamangire penti. Sowo ya utoto wake woyambirira, ngakhale wosupuka, yokhala ndi masitika ndi kambale ka nambala, ndi yamtengo kuposa yopopera mwatsopano. Ingoitsukani n'kuipukuta ndi nsanza ya oyilo. Lembani m'kope nambala yake, kumene munaigula, kabureta yake ndi zimene mwasintha. Mabuku a masipeya a mitundu yambiri akupezeka pa intaneti. Sungani m'foni, chifukwa nambala ya sipeya imathandiza kuposa kufotokozera wogulitsa ndi manja.

Ikakhala kuti igona kupitirira mwezi, khuthulani petulo, ilizeni pa idling mpaka izime yokha kuti kabureta iume. Thirani madontho angapo a oyilo pabowo la pulagi, kokani chingwe kawiri, bwezerani pulagi. Masulani tcheni, chitsukeni, chisungeni m'chitini chili chonyowa ndi oyilo. Sowo ikhale pa shelefu yathabwa, osati pa simenti, ndiponso kutali ndi matumba a feteleza, chifukwa chinyezi ndi mchere wake zimadya magnesium. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, makamaka nyengo ya mvula, kokani chingwe kangapo kuti maring'i asamatirire, ndipo suzumirani mu ekizozi ndi pansi pa chivindikiro ngati mavu sanamangemo dothi.